Nkhokwe ya Mabuku Pakati pa Madzi ndi Moto

Chaka cha 2015 chidayamba ndi madzi, chidatha ndi moto. M'mwezi wa Januwale mtsinje wa Ruo udasefukira nusiya njira yake yakale, ndipo anthu a kwa Mfumu Mlolo ku Nsanje, makamaka a ku Makhanga, adadzuka ali pa chilumba. Opulumuka amakumbukira ziŵeto ndi chimanga zimene zidapita ndi madziwo. Koma padapitanso zinthu zina zimene kaŵirikaŵiri sitizitchula poŵerenga zotayika: mabuku a ana a sukulu, makalata a ubatizo ndi a ukwati, ziphaso za kuchipatala. Pa 18 Disembala chaka chomwecho, kutali kumpoto, laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu idapsa. Mabuku osachepera 45,000 adasanduka phulusa, pamodzi ndi makompyuta amene adali m'nyumbamo.

Tsoka lotere likagwa, funso loyamba limakhala limodzi, kaya ndi ku Makhanga kaya ndi ku Mzuzu: kodi tidali ndi chiyani? Munthu amene sadaŵerengepo za m'nkhokwe mwake sangathe kunena zimene wataya. Mbiri ya kuika malaibulale athu pa kompyuta ndi mbiri ya anthu amene akhala akuyesetsa kuyankha funso limeneli tsoka lisanafike.

Phunziroli si lachilendo m'dziko lathu. Mu 1919 moto udatentha maofesi aakulu a boma la atsamunda ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za bomalo adapsera momwemo. Anthu a kwa Mlolo ali ndi chifukwa chodandaulira moto umenewo, pakuti m'zaka za m'ma 1890 Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, adali doko la sitima za pamadzi ndiponso malo a boma, ndipo njanji yopita ku Blantyre, imene idatsegulidwa mu 1908, idadzera pomwepo. Nyumba yosungira zolembedwa zakale za boma idakhazikitsidwa ku Zomba mu 1947, patapita zaka 28. Madzi akatayika saoleka.

Dziko litalandira ufulu, malaibulale adayamba kukula. Yunivesite ya Malaŵi idalandira ophunzira ake oyamba mu 1965, ndipo bungwe la National Library Service lidayamba ntchito mu 1968. M'nyumba zimenezi, mtima wa ntchito yonse udali kabati ya timabokosi todzaza ndi makadi. Buku lililonse lidali ndi makadi angapo otayipidwa ndi manja: lina la dzina la mlembi, lina la mutu wa bukulo, lina la nkhani imene bukulo likukamba. Pa khadipo pankalembedwa nambala yosonyeza pamene bukulo limakhala. Malaibulale ambiri amatsata njira imene Melvil Dewey adakonza mu 1876, yogaŵa nzeru zonse m'magulu khumi: za chipembedzo pa 200, za mbiri ya maiko pa 900, za ulimi pa 630. Njirayi inkagwira bwino ntchito, koma idali ndi zofooka zake. Khadi likaikidwa pa malo olakwika, buku linkasoŵa lili pa shelefu pomwepo. Ndiponso kabatiyo idali imodzi yokha, m'nyumba yomweyo mmene mudali mabukuwo. Chiswe, madzi kapena moto zikadya mabuku, zinkadyanso chikumbutso chake.

Kusintha kudayambira ku America. M'zaka za m'ma 1960, mayi wina dzina lake Henriette Avram, wogwira ntchito pa Library of Congress ku Washington, adatsogolera ntchito yokonza njira yotchedwa MARC, yolembera khadi la buku mwakuti kompyuta ithe kuliŵerenga. Nzeru yake idali yosavuta kuimva: chigawo chilichonse cha khadi chipatsidwe nambala yakeyake, dzina la mlembi pa 100, mutu wa buku pa 245, ndi zina zotero. Potero buku likalembedwa kamodzi pa laibulale ina, anzawo akutali ankangokopera m'malo moyambanso ntchito yomweyo.

Koma makompyuta a nthaŵi imeneyo adali aakulu ndi okwera mtengo, osatheka kwa dziko ngati lathu. Khomo lidatseguka mu 1985, pamene bungwe la UNESCO lidatulutsa pulogalamu ya CDS/ISIS yoyenda pa makompyuta ang'onoang'ono a pa tebulo, ndipo lidaipereka kwaulere. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 laibulale ya koleji ya zaulimi ya Bunda, imene nthaŵi imeneyo idali nthambi ya Yunivesite ya Malaŵi, idali pakati pa oyamba kuigwiritsa ntchito muno. M'zaka za m'ma 1990 malaibulale a yunivesiteyo adaloŵa pa ntchito yaikulu yosamutsira makadi awo pa kompyuta.

Apa tiyenera kuima pang'ono, chifukwa ambiri timaganiza kuti ntchitoyi ndi kugula makina basi. Kunena zoona, makinawo ndi gawo laling'ono. Choyamba, ogwira ntchito amayenda shelefu ndi shelefu, khadi lili m'manja, kuona ngati buku lolembedwalo likadalipo, chifukwa palibe phindu kulemba m'kompyuta buku limene lidabedwa kalekale. Kenaka amachotsa mabuku ong'ambika ndi otha ntchito. Atatero amakhala pansi kugwirizana za kalembedwe: ngati wina alemba Nsanje pamene mnzake walemba Port Herald, dzina lakale la boma lomwelo, popanda chingwe cholumikiza maina aŵiriŵa, wofufuza adzapeza theka lokha la zimene zilipo. Pambuyo pake ndi pamene amayamba kutayipa, buku limodzi limodzi, wina akutayipa, mnzake akuŵerenganso pofuna kukonza zolakwa. Pomaliza buku lililonse limamatidwa kapepala ka timizeremizere, kamene makina amaŵerenga pobwereka ndi pobweza.

Pa ntchito imeneyi padaoneka chinthu chopatsa maganizo. Mabuku osindikizidwa ku London kapena ku New York adali atalembedwa kale ndi ena, kotero kudali kungokopera. Koma mabuku ambiri a kwathu kuno, timabuku ta Chicheŵa, malipoti a boma, zofufuza za ophunzira, zidalibe wozilembera kunja. Zimenezi adayenera kuzilemba ndi ana a dziko lino, chimodzi chimodzi, magetsi akuzimazima, ndalama zikupereŵera. Choncho mabuku amene amakamba za ife eni ake ndiwo adafuna thukuta lochuluka koposa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Thandizo lina lidachokera kosayembekezeka. Mu 1999 malaibulale ang'onoang'ono a dera la Horowhenua ku New Zealand adaopa kuti pulogalamu yawo yakale idzasokonezeka poloŵa chaka cha 2000. Adalembetsa yatsopano imene idayamba ntchito mu Januwale 2000, ndipo adaipereka kwaulere kwa aliyense woifuna. Adaitcha Koha, liwu la chiyankhulo cha Amaori lotanthauza mphatso. Mphatsoyi idafika mpaka kwathu, ndipo malaibulale angapo, kuphatikizapo ya Yunivesite ya Mzuzu, adaitenga. Podziŵa kuti mutu umodzi susenza denga, mu 2003 malaibulale a m'dziko muno adapanga mgwirizano wotchedwa MALICO, umene udathandiza kubweretsa intaneti ya setilaiti m'masukulu a ukachenjede ndi kulipirira pamodzi magazini a akatswiri oŵerengedwa pa kompyuta.

Zipatso zake zikuoneka. Mwana wa kwa Mlolo amene wafika ku koleji akhoza kulemba liwu limodzi lokha, "Mbona", ndi kuona m'kamphindi zolembedwa za kachisi wa ku Khulubvi, kuphatikizapo buku la 1992 la Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha a Montfort amene adagwira ntchito m'chigwa cha Shire nasonkhanitsa zimene akuluakulu a kuno adamuuza. Kale kudafunika ulendo wa ku Zomba kuti munthu angodziŵa ngati buku lotere lilipo.

Komabe moto wa ku Mzuzu udatikumbutsa malire a zonsezi. Kompyuta nayonso imapsa, imanyoŵa, imabedwa. Mndandanda wa mabuku suli buku lenilenilo, monga mmene kuŵerenga matumba a chimanga sikukhutitsa mimba. Mndandandawo umapulumuka pokhapokha ngati wakopedwa ndi kusungidwa m'nyumba ina, kutali ndi yoyambayo. Ndipo zolembedwa zosoŵa, zimene sizipezeka kwina kulikonse, zimapulumuka pokhapokha ngati zajambulidwa tsamba ndi tsamba. Ubwino weniweni wa kompyuta ndi umenewu: chimene chidali m'kabati imodzi chikhoza kukhala m'malo ambiri nthaŵi imodzi.

Madzi adabweranso kwa Mlolo mu 2019, mu 2022, ndi mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy. Chakudza sichiimba ng'oma. Ife a m'midzi tilibe mabuku 45,000, koma pa sukulu iliyonse pali kabati ya mabuku, pa parishi pali makaundula amene ali ndi maina a makolo athu, ndipo m'nyumba iliyonse muli kachikwama ka makalata. Ntchito imene akatswiri adaiyamba ndi makadi tikhoza kuiyamba ndi kope la sukulu: kulemba zimene tili nazo, kuzijambula ndi lamya ya m'manja, ndi kutumiza zithunzizo kwa mbale amene amakhala kumtunda, ku Thyolo kapena ku Blantyre. Inu makolo, mwana wanu wa ku sekondale akhoza kuitsiriza ntchitoyi Loŵeruka limodzi. Nthaŵi yabwino yoichita ndi chilimwe, Ruo akadali m'njira mwake.