Tsiku limene kunada masana ku Chilenje

Amene munali mu Lusaka pa Cinayi, 21 June 2001, mukumbukila. Nthawi itangopitilila 15:00 hrs, mwezi unaphimba dzuwa lonse kwa mphindi zitatu ndi masekondi ocepa. Ine n'nali ku pulaimale. Kunazizila mwadzidzidzi, nkhuku zinayamba kulowa m'khola, ndipo ambuya anatiletsa kuyang'ana kumwamba.

Kadamsana ameneyo anaitana alendo ocokela kutali. Ena ananyamula matelesikopu a kalilole, mtundu umene Isaac Newton anapanga mu 1668. Kalilole wamkulu amasonkhanitsa kuwala n'kukuponya pa kalilole wamng'ono, kenako kumafika ku kamera. Mmodzi akapendekeka paulendo, cithunzi sicimaoneka bwino, conco amayamba awongoledwa ndi tumasikuluwu.

Nchito ina inali ya usiku. Thambo limaoneka monga lizungulila pa malo amodzi kum'mwela, ndipo kuno kwathu malowo ali madigili 15 pamwamba pa pamene thambo likumana ndi dziko. Palibe nyenyezi yowala pamenepo, motelo amapeza malowo potsatila nyenyezi za Southern Cross. Mwendo wa telesikopu ukaloza bwino, kamota kamatsatila dzuwa kokha. Cotetezela maso ndi kamera cimacotsedwa pokhapo dzuwa likabisika lonse.

Alendo anapita ndi zithunzi zao, ife tinatsala ndi nkhani cabe. Thambo la June likali loyela pamwamba pa Chilenje. Kodi ana athu adzaphunzila liti kulijambula okha?