Makomo Awiri a ku Lobi: Mbiri ya Tsankho ndi Chiyanjano pa Zaumoyo

Nkhani yathu lero ikuyambira ku Lobi, kumapiri a boma la Dedza, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique, kumene mbatata ya kachewere, nyemba ndi kabichi zimachita bwino, ndiponso kumene mphepo ya mwezi wa Juni imalowa mpaka m'mafupa.

Mwana akadwala usiku m'mudzi wa kumeneko, makolo amakhala ndi makomo awiri oti agogodepo. Loyamba ndi la sing'anga, amene amakhala pafupi, amadziwa banjalo ndi maina omwe, ndipo amayamba wamvetsera asanapereke mankhwala. Lachiwiri ndi la chipatala chaching'ono cha Lobi, ndipo matenda akakula, cha ku boma ku Dedza. Mabanja ambiri amagogoda makomo onse awiri, koma akafika pa lachiwiri saulula kuti adzera pa loyamba. Adokotala akaona mphini pachifuwa pa mwana nafunsa, mayi amangozolika. Kodi manyazi amenewa adachokera kuti? Sadangomera okha ngati bowa. Ali ndi mbiri yake, ndipo ndi imene tifuna kulondola lero.

Azungu asanafike, anthu a kumapiri kuno adali nazo kale njira zawo zosamalira moyo. M'mapanga a Chongoni, m'boma lomweli la Dedza, muli zithunzi za pamiyala zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Zina adajambula ndi Akafula, zina ndi Achewa pa miyambo ya chinamwali. Kuchinamwali n'kumene anamkungwi ankaphunzitsa za thupi ndi za uchembere. Azamba ankachiritsa amayi oyembekezera, ndipo asing'anga ankadziwa mizu, makungwa ndi masamba. Sizonse zimene ankachita zidali zabwino, pakuti mwabvi udapha anthu ambiri osalakwa. Komabe nzeru zidalipo, ndipo anthu ankazikhulupirira.

Mankhwala achizungu adabwera ndi amishoni. M'chaka cha 1876 Dr Robert Laws adachita opaleshoni ku Cape Maclear atamgoneka wodwalayo ndi mankhwala, ndipo mbiri yake idawanda msanga. Kuchigawo chapakati kuno, amishoni a Dutch Reformed Church adakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo chipatala cha Nkhoma chidayamba mu 1915. Ansembe achikatolika adafika ku Mua mu 1902, ndipo pambuyo pake adatsegulako malo osamalira odwala khate. Tikapanda kuyamika ntchito imeneyi tikhala onama, popeza zilonda zidapola, akhungu adaona, amayi adapulumuka.

Tsono vuto lidali lakuti mankhwalawo adabwera pamodzi ndi chiweruzo. Azungu ambiri sadasiyanitse sing'anga wa zitsamba ndi mfiti. Mkhristu wopezeka kwa sing'anga ankaimbidwa mlandu kumpingo. M'chaka cha 1911 boma la atsamunda lidakhazikitsa lamulo la ufiti, limene lidaletsa mwabvi ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti. Kuletsa mwabvi kudapulumutsa miyoyo, koma mantha adagwira ngakhale asing'anga amene sankaombeza ula. Ntchito imene kale inkachitika masana idayamba kuchitika mobisa. Kuzolika kwa mayi uja wa ku Lobi kudayambira pamenepo.

Chachiwiri chidali tsankho la khungu. Ku Zomba ndi ku Blantyre boma lidamanga zipatala za Azungu paokha, ndi zina za anthu akuda. Pa kalembera wa 1931 Azungu m'dziko muno sadafike 2,000, pamene eni dziko adali pafupifupi 1,600,000. Komabe chisamaliro chabwino chinkapita kwa ochepawo. Munthu wa kumudzi ngati ku Lobi ankadalira chipatala cha mishoni, ngati akanatha kuyenda mtunda wake kapena kunyamulidwa pamachira.

Tsankholi silidakhudze odwala okha. Taganizirani za amuna atatu awa. Woyamba ndi John Gray Kufa, mmodzi wa anthu akuda oyambirira kuphunzira ntchito yachipatala ku mishoni ya Blantyre. Adali waluso, koma sakanatha kupitirira udindo wa wothandiza dokotala. Adagwirizana ndi John Chilembwe, ndipo boma lidamupha mu 1915. Wachiwiri ndi Dr Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu, amene adatsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1917, nakhala dokotala woyamba wobadwira m'dziko muno. Atafuna kubwerera kwawo, boma lidamkaniza kulowa, ndipo adaloledwa mu 1926. Wachitatu ndi Dr Hastings Kamuzu Banda, amene adatsiriza ku Meharry komweko mu 1937 napitiriza ku Edinburgh mpaka 1941. Olemba mbiri yake amatiuza kuti anamwino achizungu a ku Livingstonia adakana kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda. Choncho adakachiritsa Angerezi kwawo, kenaka adapita ku Ghana, ndipo adabwerera kuno pa 6 Julaye 1958. Dziko losowa madokotala lidathamangitsa madokotala ake omwe chifukwa cha khungu.

M'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, zaumoyo zidali m'manja mwa boma la ku Salisbury. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidatsegulidwa nthawi imeneyo, mu 1958. Koma anthu adali atadana nacho Chitaganya, kotero kuti cha m'ma 1960 m'madera ena adakana katemera wa nthomba poganiza kuti chilichonse chochokera ku boma limenelo chidali ndi chiwembu. Phunziro lake n'lakuti mankhwala, ngakhale akhale abwino chotani, salowa m'thupi la munthu amene sakhulupirira dzanja lowapereka.

Ufulu utabwera mu 1964, kulekanitsa odwala chifukwa cha khungu kudatha. Koma kuchotsa chikwangwani pakhomo n'kosavuta kusiyana ndi kuchotsa chizolowezi mumtima. Madokotala adali ochepa, ndipo sukulu yathu yoyamba ya udokotala, College of Medicine, idatsegulidwa mochedwa, mu 1991. Kalankhulidwe kaja koona wodwala wa kumudzi ngati mbuli kadatsalira m'malo ena, tsopano pakati pa ife tokha, wophunzira kunyoza wosaphunzira, wa nsapato kunyoza wa chitenje chimodzi. Tikudziwa kuti anamwino ambiri amagwira ntchito modzipereka, mmodzi kusamalira khamu la odwala usiku wonse. Komabe mawu amodzi achipongwe amayenda mudzi wonse, ndipo amabweza amayi khumi panjira.

Zoyesa kuyanjanitsa makomo awiriwa zakhalapo. Mu 1978 msonkhano wa maiko onse ku Alma-Ata udavomereza kuti asing'anga ndi azamba, ataphunzitsidwa bwino, angathandize pa umoyo wa kumudzi. Dziko lathu lidayamba kuphunzitsa azamba m'zaka zomwezo. Koma mu 2007, poona kuchuluka kwa amayi omwalira pobereka, boma lidaletsa azamba kuchiritsa amayi. Ena mwa iwo adangopitiriza mobisa, monga momwe asing'anga adachitira pambuyo pa 1911. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adachotsa chiletsocho. Njira ina idaoneka kwa anansi athu a ku Ntcheu, kumene Inkosi Kwataine idasankha amayi achikulire m'midzi kuti azilangiza amayi oyembekezera ndi kuwalimbikitsa kukachirira kuchipatala. Mayi wachikulire sadachotsedwe ulemu, koma adapatsidwa udindo wina.

Nkhani imeneyi si ya Malawi yekha. Ku South Africa, bungwe loona za choonadi ndi chiyanjano lidaitana a zachipatala mu 1997 kuti afotokoze zimene adachita m'nthawi ya tsankho, kuphatikizapo za madokotala amene adalekerera Steve Biko mpaka kumwalira mu 1977. Ku Canada, kumene eni nthaka adalandidwa ana awo n'kuwatsekera m'sukulu zogonera komweko, bungwe lotere lidapereka mfundo 94 mu 2015. Zisanu ndi ziwiri mwa izo zidali za umoyo, ndipo imodzi idapempha zipatala kuti zilemekeze machiritso a makolo a eni nthakawo. Komabe mfundo za papepala sizichiritsa zokha. Pa 28 Sepitembala 2020 mayi wa ana asanu ndi awiri, Joyce Echaquan, wa mtundu wa Atikamekw, adamwalira m'chipatala cha ku Joliette, ataonetsa pa Facebook momwe ogwira ntchito ankamnyozera iye ali m'ululu. Wofufuza za imfayo adapeza kuti tsankho lidathandiza kumupha. Lero zipatala zambiri kumeneko zimalemba anthu amene ntchito yawo ndi kuima pakati, kuperekeza wodwala, kumasulira chilankhulo, kumva madandaulo ndi kuitana akuluakulu a mtundu kuti akhale nawo pa zokambirana.

Nanga ku Lobi woima pakatiyo ndani? Kunena zoona, tili nawo kale. Alipo alangizi a zaumoyo, amene amayenda panjinga m'midzi, kuyeza ana pasikelo ndi kupereka katemera. Ntchito yawo idakula kuchokera kwa anthu amene adalembedwa kulimbana ndi kolera m'zaka za m'ma 1970. Alipo makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi a pachipatala. Alipo mafumu. Kuyambira 2018 zipatala za boma zidayambanso kukhala ndi munthu wolandira madandaulo a odwala. Chosowa nthawi zambiri ndi kuwalunzanitsa, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mbiri imene talondolayi ikutiphunzitsa kuti chiyanjano chimayamba ndi choonadi, ndipo choonadicho chili mbali zonse ziwiri. A chipatala avomereze kuti kunyoza kudalipo ndipo sikudatheretu. Afunse mayi mwaulemu kuti, "Mayi, mwana wamwa chiyani kunyumba?" Yankho loona lingapulumutse mwanayo, chifukwa mankhwala ena a zitsamba sayenderana ndi a chipatala. Asing'anga nawonso avomereze malire a nzeru zawo. Malungo a mwana, chifuwa chachikulu ndi kutaya magazi kwa mayi woyembekezera sizidikira, ndipo wouza munthu kuti asiye ma ARV wamkumbira manda. Sing'anga wotumiza wodwala msanga kuchipatala sataya ulemu, koma amauwonjezera.

Kwa inu amene mukumvera muli pakhonde ku Lobi, ku Thete, ku Linthipe kapena kwina kulikonse, pempho lathu ndi ili. Komiti ya zaumoyo ikadzakumana m'mudzi mwanu, funsani ngati asing'anga ndi azamba aitanidwa. Mukanyozedwa kuchipatala, kadandauleni kwa oyenera m'malo mongolumbira kuti simudzapitakonso. Ndipo mwana akadzadwalanso usiku, mayi adzathe kunena poyera makomo onse amene wagogoda.