Enfield yaitali ndi yaifupi

Tikuphunzira za kuwukira kwa asilikali a ku India mu 1857, mnyamata wina wa Fomu 3 anandifunsa chifukwa chimene mfuti ya pa chithunzi inali yaitali ngati mlongoti. Iye ankaganiza kuti mfuti ikatalika ndiye kuti imalasa bwino. Inenso ndinkaganiza choncho kale.

Mfutiyo ndi Enfield ya 1853 ya asilikali a ku Britain. Kwathu kuno tingaitche gogodera, chifukwa onga ndi chipolopolo ankazilowetsera kukamwa n'kutsendera ndi kachitsulo. Kapepala ka onga ankachita kukaluma ndi mano, ndipo mphekesera yoti kanapakidwa mafuta a ng'ombe ndi nkhumba inakwiyitsa Ahindu ndi Asilamu omwe. Mpope wake unali wa mainchesi 39, womangidwa ku thabwa ndi mikombero itatu. Panalinso zazifupi za mikombero iwiri, za mainchesi 33: ya 1856, imene ankapatsa masajeni, ndi ya 1858 ya asilikali a pamadzi.

Nanga yaitaliyo inatalikiranji? Nkhani inali kaimidwe. Asilikali ankaima m'mizere iwiri mothithikana, wakumbuyo n'kumaombera pamwamba pa phewa la mnzake. Mfuti ikafupika, moto umatulukira pafupi ndi khutu ndi tsaya la wakutsogoloyo. Komanso akamangirira mpeni kunsonga, mfuti yaitali inkasanduka mkondo wotchingira adani apakavalo. Za kulasa bwino sizinali patsogolo ayi.

Chodabwitsa n'chakuti yaifupi ya 1858 ndiyo inatchuka pa kulasa. Mpope wake unali wochindikala, wokhala ndi timizere tisanu m'kati, tozunguza chipolopolo kamodzi pa mainchesi 48 aliwonse. Yaitali inali ndi timizere titatu, kamodzi pa mainchesi 78. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, akatswiri oombera patali a mbali ya kumwera ankaikonda yaifupiyi.

Kuyambira m'ma 1970, kampani ya Parker-Hale ya ku Birmingham inayamba kupanga mfuti zotengera zakalezi, ndipo Pedersoli ya ku Italy nayonso yapanga mitundu yonse iwiri. Ogula agawikana monga mmene zinalili kalelo. Amene amachita masewero a nkhondo ya ku America, atavala yunifolomu n'kuima m'mizere, amafuna yaitali, moti magulu ambiri saloleza yaifupi pamzere poopa kuwaula nkhope ya munthu, ngakhale amaomba onga wokha wopanda chipolopolo. Opikisana kulasa chandamale ambiri amasankha yaifupi.

Ine nditati ndisankhe yoonetsa ana m'kalasi (mwa maloto chabe, malipiro athu mukuwadziwa), ndingatenge yaitali. Ndingaimike anyamata awiri, wina kumbuyo kwa mnzake, kenaka n'kufunsa wakutsogoloyo kuti akufuna mnzakeyo agwire iti.