Tchuthi

Mtsikana wogwira ntchito yolera ana akabwera kuno ku Ndunde kuchokera ku Limbe atanyamula chikwama, anthu amafunsa kuti, "Mwabwera kutchuthi?" Iye amavomera. Koma nthawi zina zoona zake n'zakuti abwana apita ulendo wautali ndi ana awo, ndipo mleziyo angomuuza kuti, "Bapita kumudzi, tidzakuimbira."

Tchuthi ndi nthawi yopuma imene wantchito amapatsidwa ntchito yake ilipobe, malipironso akulandira. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa munthu wogwira masiku 6 pa sabata tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pachaka. Wogwira masiku 5 amalandira 15. Wantchito wapakhomo nayenso lamuloli limamuteteza.

Ndiye ngati miyezi iwiri yatha, foni ili zii, ndalama ya sopo yomwe osatumiza, chimenecho si tchuthi ayi. Kumeneko n'kuimitsa munthu ntchito mwakachetechete, ndipo zimandiwawa kwambiri, chifukwa mleziyo amakana ganyu ndi ntchito zina podikirira abwana. Wolipidwa pamwezi akamachotsedwa ayenera kuchenjezedwa mwezi wathunthu.

Achemwali, musananyamuke funsani tsiku lobwerera ndi ndalama imene muzilandira, ndipo zilembedwe papepala.