Henry Allingham, makaniko wa ndege zansalu amene anakhala zaka 113

Pa 11 November 2008, pa chipilala cha Cenotaph mumzinda wa London panafika nkhalamba zitatu zili pa njinga za olumala, pamwambo wokumbukira kuti papita zaka 90 chithereni nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anali a Bill Stone, a Harry Patch ndi wamkulu mwa onse, a Henry Allingham, a zaka 112. Itakwana nthawi yoika nkhata za maluwa, a Allingham analimbana ndi mpando wawo kuti adzuke aike okha. Miyendo inakana, nkhata inaikidwa ndi wina, koma amene anaona sanaiwale.

Munthuyu anabadwa pa 6 June 1896 ku Clapton, mu London momwemo, Mfumukazi Victoria idakali pampando ndipo ndege yoyendera injini isanaulukepo. Bambo awo anamwalira ndi chifuwa chachikulu iwo ali wakhanda wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Atachoka pasukulu anayamba kuphunzira kupanga zitsulo za madokotala pa chipatala cha St Bartholomew's, koma sanakhalitsepo. Anasamukira ku ntchito yokhoma mabodi a galimoto. Nkhondo itabuka mu 1914 anafuna kulowa usilikali, mayi awo amene anali kudwala n'kuwachonderera kuti asawasiye. Anamvera. Mayiwo atatsikira kulichete mu 1915, anakalembetsa ku Royal Naval Air Service, nthambi ya ndege ya asilikali apamadzi, ngati makaniko.

Ndege za nthawi imeneyo sizinali ngati zimene timazidziwa lero. Mafupa ake anali a matabwa, khungu lake nsalu yokunga yopakidwa mankhwala oumitsa, ndipo mapiko ankagwiridwa ndi mawaya. Waya mmodzi akalefuka, phiko linkapendama, ndege n'kumakokera kumbali. Motero moyo wa woyendetsa unali m'manja mwa mnyamata wogwira sipanala. Ku Great Yarmouth, kumene a Allingham anatumizidwa, makaniko nthawi zina ankakwera nawo ndege zokalondera panyanja ya North Sea, atakhala pabwalo popanda denga, nkhope atapaka mafuta kuti chisanu chisawang'ambe khungu. Poti wailesi m'ndege zambiri munalibe, ankanyamula nkhunda m'basiketi. Ndege ikagwera m'madzi, uthenga wopempha thandizo unkapita kumtunda pamwendo wa nkhunda.

Pa 31 May 1916 anali m'kasitima kotchedwa Kingfisher, kamene kananyamula ndege yotera pamadzi ya mtundu wa Sopwith Schneider, pomwe sitima zankhondo za Britain ndi Germany zinakumana pa Jutland. Amalinyero a Britain oposa 6,000 anafa pankhondoyo, a Germany oposa 2,500. Kingfisher inali chakumbali, koma a Allingham anaona ndi maso zipolopolo za mizinga zikudumpha pamwamba pa madzi.

Chimene chinawakhala pamtima kwambiri chinali kumtunda. Mu September 1917 anawatumiza ku France, pafupi ndi Dunkirk, nkhondo yachitatu ya Ypres ili mkati. Ina mwa ntchito yawo inali yokatola ndege zogwa kuti zitsulo zake zikonzere zina. Usiku wina ali pantchito yotere anaterereka mumdima n'kugwera m'dzenje lokumbidwa ndi bomba, lodzaza madzi, makoswe ndi ziwalo za anthu akufa. Patapita zaka zoposa 80, ankafotokozabe fungo la m'dzenjemo ngati kuti agwamo dzulo. Ankanenanso mobwerezabwereza kuti amene anaona zakuda zenizeni ndi asilikali a m'ngalande, osati iwo.

Pa 1 April 1918 nthambi yawo inaphatikizana ndi Royal Flying Corps kupanga Royal Air Force, ndipo n'chifukwa chake pambuyo pake anadzadziwika kuti ndi womaliza mwa amene analipo tsiku loyamba la gululi. Anachoka usilikali mu 1919, atakwatira kale Dorothy Cater, mtsikana amene anakumana naye ku Great Yarmouth. Anabereka ana aakazi awiri, Betty ndi Jean.

Zaka zambiri zotsatira anazithera m'fakitale, makamaka ku kampani ya Ford. Nkhondo yachiwiri itayamba sanavalenso yunifolomu, poti boma linkafuna luso la manja awo. Germany inali itatchera m'nyanja mabomba amene ankaphulika akangomva chitsulo cha sitima yodutsa, pogwiritsa ntchito mphamvu ya maginito. Pa Khirisimasi ya 1939 anawadzutsa pachakudya kuti akathandize kupeza njira yogonjetsera mabombawa kuti doko la Harwich litseguke, ndipo ntchitoyo inatha m'masiku 9.

Atapuma pantchito anakakhala ku Eastbourne. Mayi Dorothy anamwalira mu 1970, ndipo iwo anatsala okha, akudzisamalira mpaka atapitirira zaka 100. Za nkhondo sankakamba, ngakhale kwa ana awo. Apa m'pamene mbiri yawo imakhudza mtima: munthu kusunga zinthu zotere m'chifuwa kuyambira unyamata mpaka kukhala ndi zidzukulutudzi.

Amene anawatsegula pakamwa ndi a Dennis Goodwin, a bungwe la First World War Veterans' Association, amene anawapeza cha mu 2001 n'kuwauza kuti akakhala chete, anzawo amene anafa aja adzasowa wowakumbukira. Kuyambira pamenepo anayamba kuyenda m'masukulu ndi m'miyambo ya chikumbutso, nthawi zambiri misozi ili m'maso. Dziko la France linawapatsa mendulo ya Légion d'honneur mu 2003. Mu 2004 anali ku Saint-Omer potsegulira chipilala cha asilikali a ndege a Britain. Maso atayamba kuchita khungu, mu 2006 anasamukira ku St Dunstan's, nyumba imene inkasamalira asilikali akale osaona ku Ovingdean, pafupi ndi Brighton, koma maulendo sanasiye. Mu 2008 iwo ndi a Goodwin anatulutsa buku la moyo wawo, Kitchener's Last Volunteer.

Pa 19 June 2009, a Tomoji Tanabe a ku Japan atamwalira, a Allingham anakhala mwamuna wamkulu kuposa onse padziko. Udindowo anaugwira mwezi umodzi wokha: anamwalira ali m'tulo pa 18 July, ali ndi zaka 113 ndi masiku 42. A Bill Stone anali atatsogola kale mu January, ndipo a Harry Patch anatsatira pa 25 July. Mwambo wa maliro a makanikoyu unachitikira m'tchalitchi cha St Nicholas ku Brighton pa 30 July, ndipo pamwamba pake panadutsa ndege zopangidwa motengera zija za matabwa ndi nsalu zimene ankazimanga mawaya ali mnyamata.