Chifuŵa cha ku Joni ndi Diso la Kompyuta

Ife amene tidakulira m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa timaukumbukira usiku wa mwezi wa June: mphepo yozizira yotsika m'nkhalango, ndi chifuŵa cha mkulu wina m'nyumba yoyandikana, chouma, chosaleka mpaka tambala woyamba. Tikafunsa, amai ankangoti agogo aja adachitenga ku Joni. Tsono lero m'zipatala mwaloŵa kompyuta yoti ikaona chithunzi cha m'chifuŵa imaloza amene akuganiziridwa nthenda. Ochiza ena ailandira ndi manja aŵiri, ena akuiyang'ana cham'mbali. Kuti tiŵamvetse onsewo tiyenera kubwerera m'mbuyo, pakuti mkanganowu ngwakale.

M'chaka cha 1816 dokotala wa ku Paris, René Laennec, adakulunga pepala naliika pachifuŵa cha wodwala, ndipo adamva mtima ukugunda bwino kuposa ndi khutu lokha. Umu ndi m'mene chidabadwira chomvera chija chimene adokotala amakoleka m'khosi. Koma John Forbes, amene adamasulira buku la Laennec m'Chingerezi mu 1821, adalemba poyera kuti akukayika ngati madokotala ambiri adzachigwiritse ntchito, poti chimadya nthaŵi ndi kuvutitsa wodwala ndi wochiza yemwe. Laennec mwini adafa ndi chifuŵa chachikulu mu 1826. Chomvera chake tili nachobe pa Malomo ndi pa Madisi.

Makina a X-ray, amene Wilhelm Röntgen adatulukira mu 1895, makolo athu ambiri adakomana nawo koyamba ku migodi ya golide. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalaŵi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri atalembedwa ndi Wenela. Kumeneko ankaŵajambula pachifuŵa, ndipo wopezeka ndi maŵanga m'mapapo kaŵirikaŵiri ankangomubweza kwao. Diso la makina lidali la mwini mgodi: lidaona nthenda, koma mwini nthendayo adakatsokomolera kumudzi. Tisadabwe tsono ngati nkhalamba zina zimaopa kujambulidwa.

Chaka cha 1974 chidabweretsa zinthu ziŵiri. Pa 4 April ndege ya Wenela idagwa ku Francistown niipha Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwao, ndipo Dr Banda adaletsa kulemba anthu a ku migodi. Amuna zikwizikwi adabwerera, fumbi la miyala lili m'mapapo. Chaka chomwecho akatswiri a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO adalangiza maiko kuti aleke kuyenda ndi X-ray kujambula anthu mwachisawawa. Zifukwa zidali zomveka: ndalama zinkapita zambiri, ndiponso madokotala aŵiri ankatha kuŵerenga chithunzi chimodzi mosiyana. Chimene chidakhulupirika ndi makhololo oyezedwa pa maikulosikopu. Pa maziko ameneŵa, mu 1984 dziko lathu lidayamba njira ya Dr Karel Styblo ya mankhwala a miyezi yoŵerengeka, omwa pamaso pa mboni. Njirayi idapulumutsa ambiri. Koma idaphunzitsanso chipatala kufunsa funso limodzi lokha: kodi kachilombo ka TB kalimo? Wopanda kachilombo, ngakhale akhale ndi befu pokwera chitunda cha ku boma, ankapatsidwa timapiritsi nauzidwa kuti apite.

Kompyuta yadza kudzatseka mpata uja wa madokotala aŵiri osagwirizana. Imaphunzitsidwa ndi zithunzi zikwi zambiri, ndipo ikaona chatsopano imapereka nambala yosonyeza kukula kwa chikayiko. Pa chipatala cha Bangwe ku Blantyre, mu 2018 ndi 2019, adaiyesa pa kafukufuku wa anthu otsokomola oposa 1,400. Odwala TB amene adadzera ku kompyuta ndi makina a GeneXpert oyeza makhololo ankayamba mankhwala patangopita tsiku limodzi, pamene odzera njira ya masiku onse ankadikira masiku 11. Mu 2021 WHO idavomereza kuti kompyuta iŵerenge zithunzi za anthu a zaka 15 ndi kuposerapo pofufuza TB. Kwa wochiza wa kuno kumapiri, amene mzere wa odwala umamudikira kuyambira m'mamaŵa ndipo katswiri wa zithunzi ali kutali, ili ndi thandizo lenileni, ndipo sitiyenera kulinyoza.

Komatu okayika nawonso ali ndi mfundo. Kompyuta imaona maŵanga ndi zipsera, koma imavutika kusiyanitsa TB yamoyo, TB imene idachira kale, ndi silicosis, nthenda ya fumbi la m'migodi imene ilibe mankhwala oichiza. Mkulu wa ku Joni akhoza kupeza nambala yokwera chaka ndi chaka. Wochiza waphuma akakhulupirira nambalayo osayeza makhololo, adzammwetsa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi pachabe. Woleza mtima amafunsa kaye: mudagwirapo kuti ntchito, bambo? Mumaphikira m'nyumba yotani, mai? Zaka za utsi wa pa mafuwa sizilembedwa pa chithunzi.

Ndiponso kuchira TB si kutha kwa nkhani. Dr Jamilah Meghji ndi anzake adatsata anthu 405 ku Blantyre amene adamaliza mankhwala, ndipo mu 2020 adalengeza kuti mmodzi mwa atatu adali ndi mapapo osapuma mokwanira. Anthu otere, pamodzi ndi a mphumu, safuna kupezeka kokha. Afuna kapaipi kouziramo koyeza mphamvu ya mapapo, mankhwala opopera m'kamwa osasoŵa, ndi wochiza woŵadziŵa amene adzaŵaonenso mwezi wamaŵa. Apa ndi pamene ife tikuona kuti okayika aja akunena zoona: nkwapafupi kugula diso kusiyana ndi kusunga wodwala zaka khumi.

Chilipo china chimene tiyenera kukauza agogo kumudzi. Mu July 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg lidavomereza chipepeso cha ndalama zosachepera R5 biliyoni kwa amene adadwala silicosis kapena TB chifukwa cha migodi ina ya golide kuyambira pa 12 March 1965, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti ligaŵe ndalamazo. Umboni wofunika ndi mbiri ya ntchito ya ku mgodi, chithunzi cha m'chifuŵa, ndi kuyeza mpweya. Makina omwe aja adaŵabweza ku Joni ndiwo tsopano angaŵachitire umboni. Ngati m'nyumba mwanu muli kathumba kosungamo mapepala a Wenela kapena a TEBA, kachotseni kudenga chiswe chisadakapeze.