Louis Braille ndi Sukulu ya Akhungu ya ku Paris

M'midzi yathu yambiri alipo mwana wina amene anzace akamapita ku sukulu m'mawa iye amatsala pakhonde, cifukwa maso ace sapenya. Makolo ace amamkonda, namdyetsa, nambveka. Koma za sukulu amati, Akacitako ciani, popeza bolodi saliona? Mau amenewa si a kuno kokha ai. Anthu a ku France analankhulanso motero zaka zambiri, kufikira ana akhungu eni ace anawatsutsa. Tifuna tsono kufotokoza mbiri ya mmodzi wa ana aja, ndi ya sukulu imene anakuliramo.

Caka ca 1771 munthu wina dzina lace Valentin Haüy, womasulira zinenero, anapita ku bwalo la masewera m'mzinda wa Paris, napeza khamu la anthu lirikuseka. Eni masewera anali atasonkhanitsa amuna akhungu, nawabveka zisoti zacipongwe ndi mandala a mapepala, nawapatsa zoyimbira zimene sanadziwe mayimbidwe ace. Haüy anacoka pamenepo mtima ukumuwawa. Mu 1784 anatenga mnyamata wakhungu wopemphapempha pakhomo pa chalichi, dzina lace François Lesueur, nayamba kumphunzitsa kuwerenga. Ndipo anampatsa ndalama zimene akadalandira popempha, kuti a kwao asadandaule. Ophunzira anacuruka, ndipo mu 1786 anaonetsa nzeru zao pamaso pa Mfumu Louis XVI ku Versailles.

Haüy ayenera ulemu, pakuti ndiye anatsegula khomo. Koma iye anali munthu wopenya, ndipo anaganiza monga wopenya. Anatenga zilembo zomwezi tirikuwerengazi, nazikulitsa, nazisindikiza pa mapepala ocindikala onyowa, kuti zituluke pamwamba monga mphini. Mwana anayenera kulondola cilembo ciri conse ndi cala, kuzungulira m'makona ace onse; ndipo pofika ku mathero a mau anali ataiwala ciyambi cace. Mabuku anali akuru ndi olemera, mtengo wace waukuru, motero anali owerengeka. Coposa zonse, zilembo zotere zinafuna makina osindikizira. Mwana sanathe kudzilembera kanthu kakuti mawa akawerenge yekha.

Louis Braille anabadwa pa 4 January 1809 m'mudzi wa Coupvray, mamailosi ngati 25 kum'mawa kwa Paris. Atate wace anali mmisiri wa zikopa, wosoka zomangira akavalo. Ali ndi zaka zitatu, mwanayo analowa m'nyumba ya nchito, natenga citsulo cosongoka, nadzilasa naco m'diso. Cironda cinabvunda, nthenda niilowa m'diso linzace, ndipo pofika zaka zisanu sanapenyenso konse. Wansembe wa pamudzipo, Jacques Palluy, anayamba kumphunzitsa, napembedza mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi kuti amlandire. Louis anakhala pakati pa ana openya, nasunga m'mutu zonse anazimva. Koma ikafika nthawi yakuwerenga ndi kulemba, iye anangokhala manja ali pamwendo. Cifukwa cace mu February 1819, ali ndi zaka 10, atate wace anamperekeza ku Paris, ku sukulu ija ya Haüy, imene tsopano inali m'manja mwa Boma.

Tisayese kuti anafika pa malo okondweretsa. Nyumba ya sukulu, mu mseu wa Saint-Victor, inali yakalekale, ndipo pa nthawi ya cipolowe ca ku France inakhalapo ndende. Zipupa zinali za cinyontho, zipinda zozizira, makwerero okhotakhota. Ana anasamba kamodzi pa mwezi, ndipo ambiri anali kutsokomola. Wolakwa anamtsekera payekha, nampatsa mkate wouma ndi madzi. Tsiku lakupita kukaongola miyendo kunja, ana onse anagwira cingwe cimodzi cacitali, nayenda pamzere m'miseu ya mzinda, anthu ali kuwayang'ana. Maphunziro ambiri anali a pakamwa: mphunzitsi anene, ana abwereze. Anaphunziranso kuruka ndi kusoka nsapato za m'nyumba, ndi kuyimba zoyimbira. Ndipo Louis anapambana m'zonsezi, makamaka pa limba lalikuru la m'chalichi.

Caka ca 1821 zinthu ziwiri zinacitika. Mkuru wa sukulu anasinthidwa, nalowa Dr. Pignier, munthu wofatsa amene anamvera ana. Ndipo ku sukulu kunafika malembedwe acilendo a Charles Barbier, amene kale anali kapitao wa asilikari a mizinga. Iye anasiya maonekedwe a zilembo, nalemba ndi timadontho totukuka, toboola pa pepala ndi kacitsulo. Ana atayesa, anakondwera. Pakuti cala cizindikira kadontho msanga koposa mzere wokhota, ndiponso tsopano anatha kulemba okha. Koma panali cobvuta. Cizindikiro ca Barbier cinafika ku timadontho 12, mizere iwiri yoimirira ya timadontho tisanu ndi kamodzi. Cinatalika koposa nsonga ya cala, kotero kuti cala cinayenera kukwera ndi kutsika cisanapite patsogolo.

Apa mpamene mwana wa zaka 12 anaona cimene akuru ophunzira sanacione, pakuti cala cinali cace. Zaka zitatu anaboola mapepala, usiku anzace ali m'tulo, ndi kwao ku Coupvray pa nthawi ya chuti. Mu 1824, ali ndi zaka 15, anaonetsa Dr. Pignier nchito yace. Anadula cizindikiro pakati, natsala ndi timadontho 6 tokha, titatu kumanzere, titatu kumanja, tokwana pansi pa nsonga ya cala cimodzi. Mwa kusintha malo a timadontho timeneti mutuluka zizindikiro 63, zokwanira zilembo zonse, ndi ziwerengero, ndi zopumira, ndi nyimbo zomwe. Anazikonzanso mwa dongosolo lakuti mwana asabvutike kuloweza. Zilembo khumi zoyamba, kuyambira a kufikira j, zilembedwa ndi timadontho tinai ta pamwamba. Khumi zotsatira ndi zomwezo, kungoonjezapo kadontho kamodzi pansi kumanzere. Ndipo zotsala zilandira timadontho tiwiri ta pansi. Wolemba aika pepala m'cimango cokhala ndi timazenera, naboola kuyambira kumanja kunka kumanzere. Atatha atembenuza pepala, nawerenga monga tiwerengera ife. Cilembo ca w anayamba wacisiya, popeza Cifalansa sicicifuna kawirikawiri, ndipo anacionjeza pambuyo. Ife a Cinyanja tikadasauka naco cosowaco, pakuti ngakhale mau akuti mwana sitikadatha kuwalemba.

Braille sanacokenso pa sukulupo. Mu 1828 anayamba kuthandiza aphunzitsi, ndipo mu 1833 anakhala mphunzitsi weniweni. Lamulungu anali kuyimba limba m'machalichi a mu Paris. Buku lofotokoza malembedwe ace linaturuka mu 1829, ndi lina lokonzedwanso mu 1837. Tingayese kuti pamenepo mlandu unatha. Koma malembedwe a Boma pa sukulupo anakhalabe zilembo zotukuka zija, ndipo timadontho tinali ngati mlendo wogona pakhonde.

Cifukwa cace nciani? Aphunzitsi openya sanathe kuwerenga timadontho popanda kuyamba aphunzira, ndipo munthu wamkuru safuna kubwerera ku kalasi yoyamba. Ena anaopa kuti akhungu akakhala ndi malembedwe ao, adzaphunzitsana okha, nchito ya openya niidzatha. Koma analiponso ena a mtima woona, amene anati, Wakhungu akalemba zosiyana ndi anthu onse, tidzakhala tammangira mpanda womlekanitsa ndi abale ace. Mau awa sali opusa, ndipo Braille mwini anawalingalira. Mu 1839 anakonza njira yina yoboolera zilembo zathu zomwe, kuti wakhungu athe kulembera kalata mbale wace wopenya. Komabe mpanda woposa unali uja wakuti mwana akhale zaka zambiri pa sukulu osatha kuwerenga mau a dzanja lace. Anthu aja anafunira ana zabwino, koma sanawafunse.

Mu 1840 Dr. Pignier anacotsedwa, nalowa m'malo mwace Armand Dufau. Iyeyu analetsa timadontho, nalanda zolembera. Apa ndipo ana anaonetsa kuuma mtima kumene sitingathe kukudzudzula. Anaboola mapepala mobisa ndi misomali, ndi mafoloko, ndi singano zorukira. Akuru anaphunzitsa ang'ono usiku. Wogwidwa analangidwa, nabwerezanso. Wothandiza wa Dufau, dzina lace Joseph Guadet, anapenyetsetsa zimenezi, nazindikira kuti cinthu cimene ana acikakamira cotero, cingakhale cibwera ndi cilango, sicingakhale cacabe. Ndipo anatembenuza mtima wa mkuru wace.

Pa nthawi yomweyo nyumba yakale ija inali itachuka ndi kuipa kwace. Mu 1838 mlembi wochuka Lamartine, atakaiona, anaidandaula m'nyumba ya malamulo, ndipo Boma linapereka ndalama zomangira yina. Tsiku lotsegulira nyumba yatsopano, mu February 1844, Guadet anafotokozera alendo malembedwe a Braille. Anaturutsa mwana mmodzi kunja. Mlendo ananena mau, mwana wina nawalemba. Ndipo uja wa kunja atalowa, anayendetsa zala pa pepala, nawerenga zonse osaphonya.

Koma Braille anali atadwala kale cifuwa cacikuru, nthenda imene inatenga ana ambiri a m'nyumba ya cinyontho ija. Mphamvu zace zinacepa caka ndi caka, nasiya makalasi ena, ndipo anamwalira pa 6 January 1852, atangokwanitsa zaka 43. Malembedwe ace anabvomerezedwa mwa lamulo pa sukulupo mu 1854, iye atagona m'manda zaka ziwiri. Mu 1878 msonkhano wa aphunzitsi a maiko ambiri, wocitikira ku Paris, unapangana kuti ndiwo akhale malembedwe a akhungu. Koma ku America anakangana zaka zina zambiri, ndipo olankhula Cingerezi a tsidya lino ndi tsidya lija la nyanja anagwirizana mu 1932.

Kuno kwathu nchitoyi inadza ndi a Misyoni. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mai Issie Hofmeyr wa Misyoni ya Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa akhungu mu 1905, ndipo Ella Botes anaipitiriza. Pambuyo pace anatsegula sukulu za akhungu ku Chilanga m'dziko la Kasungu ndi ku Lulwe m'dziko la Nsanje, ndiponso sukulu ya Montfort ku Nguludi yophunzitsa aphunzitsi ao. Timadontho timene ana a kumeneko analembera Cinyanja ndi tomwe tija 6 ta mnyamata wa ku Coupvray.

Mu 1952, zitapita zaka 100 cimwalirire iye, Boma la France linafukula mafupa ace, niliwatengera ku Panthéon, nyumba imene aikamo anthu omveka a dzikolo. Ndipo akhungu ambiri anatsata bokosi m'miseu ya Paris, ndodo zao zoyera ziri m'manja. Koma anthu a ku Coupvray sanalole kuti atengedwe yense. Anapempha mafupa a manja ace, ndipo anawasunga m'kabokosi pa manda ace oyamba, m'mudzi momwe anabadwira.